Bere la Mnzanga Uja

9 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga tonse kufikira lero. Muli bwanji, nanga bondo lanu lija? Kambalame wanga akudya bwino? Bambo ake ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungotopa chabe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni mumandifunsa mafunso motsatizana ngati wapolisi, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi kutha ndisananene chimene ndimafuna. Komanso m'chipinda muno timagonamo awiri, ndipo mnzangayo ndi mayi wachikulire amene tonse timawatcha a Wailesi. Dzinali silinagwe pachabe. Ukayetsemula m'mawa, pofika masana kuntchito konse adziwa kuti uli ndi chimfine. Ndiye ndapangana ndi dalaivala wa basi uja kuti azinditengera makalata.

Ndikudziwa kuti munakhumudwa kuti sindinabwere mu Disembala. Bambo a Kambalame sananene zambiri, koma ndinamva m'mawu awo. Mundikhululukire. Chifukwa chake chilipo, ndidzafotokoza tsiku lina titakhala pansi.

Kuntchito andisintha. Kale ndinkanyamula mitolo ya zofunda kuchoka ku makina ochapira kupita ku makina oumitsira. Tsopano ndili pa tebulo lositira, pakona pafupi ndi zenera, ndipo ndimasita nsalu za mapilo ndi malaya a operekera zakudya a m'hotela muno. Akapitawo anandimvera chisoni chifukwa mkono wanga wamanzere sukukwera bwino. Musadandaule nazo.

M'katoni muli nsapato za Kambalame za kusukulu. Ndagula zokulirapo dala, muziikamo pepala kutsogolo. Mafuta opaka pabondo ndi anu inuyo, musagawire akwaya onse ngati ulendo watha uja. Bambo ake muwauze akwere padenga akaone lata la pamwamba pa chipinda chanu matiresi asanawole. Kalipentala wanji wokonza nyumba za eni, yake ikudontha!

Ndaikamonso chithunzi. Ndinajambulitsa Lamlungu potuluka m'tchalitchi, nditavala diresi yobiriwira ija. Muwaonetse, aone kuti ndidakali mmene ndinachokera.

Mukamapemphera muzinditchula. Musafunse kuti chiyani, Mulungu akudziwa kale.

Ndine mwana wanu.

6 Malichi

Amayi,

Moni wa chikondi kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndathokoza chifukwa cha yankho lanu. Ndakondwa kuti bondo lachitako bwino. Mwati pachithunzi paja ndawonda nkhope. Ndi wojambulayo, anaima patali.

Lero ndili ndi nkhani ya mnzanga wina wa kuntchito, imene ikundisowetsa mtendere. Chaka chatha akusamba anapeza kambulu m'bere lamanzere, kolimba ngati nyemba youma, kosapweteka. Anakhala miyezi iwiri akungopemphera. Atapita kuchipatala anamudula kanyama kukayeza, n'kumuuza kuti ndi khansa. Berelo analichotsa lonse. Koma madokotala a kuno ali ndi njira yawo. Amasiya khungu, n'kuikamo kathumba kofewa kodzaza ndi zinthu zotchedwa silikoni, zoterera ngati mafuta odzola. Akasoka, munthu n'kuvala, simungadziwe kanthu. Atamufunsa ngati akukafuna kathumbako anavomera adokotala asanamalize n'komwe funso, chifukwa kwawo ali ndi mwamuna, ndipo sanamuuze chilichonse. Kenako kwa milungu isanu ankapita tsiku ndi tsiku kukagona pansi pa makina owotcha zotsalira za matenda ndi cheza chake. Pano akuti khansayo sakuionanso. Mulungu alemekezeke.

Vuto ndi lakuti berelo layamba kuuma. Poyamba linali lofewa ndithu. Tsopano lili ngati lalanje losapsa, lakwera m'mwamba kuposa linzake, ndipo akatambasula mkono limakoka mpaka kukhwapa. Ukaligwira n'lozizira.

Amayi, inu mwalera ana asanu, ndipo azimayi oyamwitsa amabwera kwa inu mawere akatupa. Chotupa chouma chotere chimafewa ndi chiyani? Funso lachiwiri ndi lolemera. Kodi kukhala chete ndi bodza? Mwamuna wake sanamufunse, iyenso sananene. Pamaso pa Mulungu limeneli ndi tchimo?

A Wailesi andipeza ndikulemba, n'kusuzumira paphewa.

"Iwe, mnzako ameneyu ndimamudziwa?"

"Simumudziwa, mayi."

"Oho. Umupatse moni. Umuuze kuti ndimamumva akubuula m'mawa akamavala bulauzi, bedi lake lili pafupi ndi langa."

Pakamwa pawo ndi potero, musazitengere.

Sopo kuno wakwera mtengo kawiri mwezi umodzi, ndiye ulendo uno ndatumiza wochepa. Kambalame asamachapire yekha yunifolomu, amamaliza sopo ndi thovu losewera.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu.

3 Epulo

Amayi anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo ndi athanzi. Ine ndilipo.

Mwayankha ziwiri. Choyamba mwati azithowa ndi nsalu yotentha m'mawa ndi madzulo. Chimenechi wachilandira ndi manja awiri. Chachiwiri mwati chobisa chimawola, ndipo mwamuna amene anakwatira bere osati munthu ndi bwino adziwike msanga. Amayi, kunena n'kosavuta. Mwaiwala mkazi wa atelala aja? Atamudula mwendo chaka sichinathe, m'nyumba munalowa wina, ndipo iye ankamva kuseka kwawo ali kuseri.

Lachiwiri ndinamuperekeza mnzangayo kuchipatala. Adokotala ake ndi mayi wamfupi wa imvi, amalankhula uku akujambula papepala. Ndilemba mmene ndinamvera. Akuti chilichonse chachilendo chikalowa m'thupi, kaya ndi munga, kaya ndi chitsulo chimene amalumikizira fupa, thupi limachizinga ndi kakhungu kake, ngati kumanga mpanda. Aliyense woikidwa kathumba amakhala ndi mpanda umenewu. Kwa ambiri umakhala wopyapyala ngati kakhungu ka m'kati mwa dzira, ndipo savutika nawo. Koma kwa ena, makamaka amene anawotchedwa ndi makina aja, mpandawo umakhuthala n'kuyamba kufinya. Anati, "Kathumbako sikanaume ayi, kadakali kofewa mmene tinakaikira. Chauma ndi chimene thupi lako lamanga."

Anati abwerenso mu Juni kuti aone ngati pafunika opaleshoni ina. Anamupatsanso pepala la malangizo, koma iye analibisa pansi pa sutikesi osawerenga, kuopa maso a a Wailesi.

Popita kokwerera basi ndinkangoganiza. Pakamwa pakhoza kunena kuti zonse zili bwino, diresi n'kuvomereza, chithunzi n'kuchitira umboni. Koma mnofu sunamizika. Ukudziwa kuti mwalowa chinthu chimene sunabadwe nacho. Mwina ndikuganiza mopitirira. Abusa amati ndimasandutsa chimfine kukhala ulaliki.

Zothowa zija akuchitira kuntchito, chifukwa kunyumba ketulo ndi ya eni ake ndipo angafunsidwe. Nthawi ya tiyi amanyowetsa kathaulo, n'kukapsinja ndi simbi mpaka nthunzi ituluke, n'kuthamangira kuchimbudzi kukakaika m'bulauzi. Akuti kutentha sakukumva n'komwe, ndiye amasita kawiri kuti kagwire ntchito. Akuona ngati pakufewa.

Mwati lata lija akonza. Muwathokoze. Muwauzenso kuti asamagwire ntchito popanda chotseka pamphuno, utuchi uja umawatsokomoletsa.

Mwana wanu.

21 Epulo

Amayi,

Moni. Ulendo uno sindinena kuti ndili bwino. Ndikulemba ndili pabedi la chipatala, m'wodi ya azimayi, pafupi ndi khomo. Zilembo zapendama chifukwa padzanja pali singano ya diripi.

Mnzanga uja kulibe. Ndine.

Ndachimwira Mulungu, ndachimwira inu, ndachimwiranso bambo a Kambalame. Opaleshoni anandichita mu Julaye chaka chatha, nthawi ija ndinakuuzani kuti foni yagwera m'madzi. Mu Disembala sindinabwere chifukwa khungu linali lidakali lakuda ndi makina aja.

Lachinayi lapitalo kuhotela kunali phwando lalikulu, malaya anaunjikana mpaka kuzenera. Ndinaika kathaulo kaja m'bulauzi monga mwa masiku onse, akapitawo n'kundiitana ndisanakachotse. Ndinabwerera patebulo kali momwemo, ndipo ndinakaiwala, poti sindinkamva kanthu. Poweruka ndinapeza bulauzi itamatirira. Pansi pake panali matuza. Ndinapaka mafuta, ndinamanga kansalu, ndinakhala chete masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinadzuka ndikunjenjemera.

A Wailesi anatseka chitseko n'kuima pamenepo.

"Vula."

"Mayi, ndine munthu wamkulu."

"Wamkulu amanunkha chonchi? Vula ndione. Ndaika m'manda amuna awiri ine, palibe chingandiopse."

Anaona balalo. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, wailesi inazima. Anandiveka chovala chawo chachikulu, anaitana galimoto, ndipo kuntchito anangonena kuti ndili ndi malungo.

Adokotala aja sanandikalipire. Anangofunsa ngati ndinawerenga pepala lija. Akuti mzere woyamba weniweni umati usaike chotentha pabere. Pochotsa bere amadula mitsempha yomvera, ndiye khungu limakhala ladzanzi, silingakuchenjeze. Komanso n'lopyapyala, ndipo pansi pake palibe mnofu wa magazi woti n'kumwaza kutentha, pali kathumba basi. Khungu lafa pamalo aakulu ngati bokosi la machesi, mwalowa mafinya, ndipo kathumbako kakuonekera. Mawa m'mawa akukachotsa.

Ndikugwadirani, bambo a Kambalame musawauze. Mundipempherere, tsopano mukudziwa chotchula.

Mwana wanu wosamvera.

10 Meyi

Amayi anga okondedwa,

Moni m'dzina la Ambuye. Opaleshoni inayenda bwino, kutentha thupi kwatha, ndikudya. Inu mukudya? Pafoni paja mawu anu anali a munthu amene sakudya.

Munalira kwambiri moti sindinathe kukuyankhani, ndiye ndiyankha pano. Mwati munadziwa kuyambira kalata yachiwiri, poti mwana amene munamubereka simungamusokoneze ndi mnzake. Mwati ndinu mwandiwotcha. Ayi, Amayi, mlandu umenewu musausenze. Inu munapereka mankhwala a bere lamoyo, la mayi woyamwitsa, chifukwa ndi limene mumalidziwa, ndipo lachiritsa ambiri. Amene anapita kusekondale ndine. Amene anapatsidwa pepala n'kulikhalira ndine. Ndikanakufunsani mwachilungamo, mukanandiuza kuti ndikafunse kaye achipatala.

Nditatsitsimuka ndinapempha kuti ndione zimene achotsa. Anamwino anaseka, akuti ambiri safuna. Adokotala anali atajambula pafoni yawo. M'mbale yachitsulo munali zinthu ziwiri. Kathumba kaja kanali koyera, kowala, kopanda banga, ngati kangotuluka kumene m'sitolo. Pambali pake panali mpanda uja, wotuwa, wokhuthala ngati lilime la nsapato. Anati, "Ichi ndiwe unachipanga, ulusi umodziumodzi."

Ndinagwidwa ndi chisoni chimene sindingathe kuchifotokoza bwino. Ine ndinkati thupi langa landiukira, mwina Mulungu akundilanga chifukwa cha chinyengo. Koma miyezi yonseyi thupili limagwira ntchito yonditchinjiriza mmene limadziwira, lopanda womufunsa, ine n'kumalibwezera ndi simbi yamoto.

Tsopano kumanzere kuli see, pali mzere umodzi wopingasa. Dzulo ndinayang'ana pagalasi la kubafa. Sindinakomoke. Sindinenenso kuti ndinakondwa.

Akuti bala likapola akhoza kuyesanso, mwina potenga mnofu wa kumsana kuti uphimbe kathumba katsopano. Ndinafunsa ngati sikangaumenso. Anati sangalonjeze. Ndawauza kuti ndiganize kaye.

Abusa anabwera Lachitatu ndipo ndinaulula zonse. Anati Mulungu anakhululuka kale, koma pali munthu wina amene sanapatsidwe mpata woti akhululuke kapena kukana. Ndinayang'ana kudenga mpaka anapemphera n'kupita.

Kambalame mumuuze kuti amayi ake anadwala pang'ono ndipo achira. Tsitsi lake musalimange kwambiri, amamva mutu.

Mwana wanu.

2 Juni

Amayi,

Moni nonse. Ndabwerera kuchipinda, ndipo kuntchito ndayamba mwapang'onopang'ono. Simbi andiletsa kaye, ndikupinda mathaulo. A Wailesi andisokera kapilo kakang'ono ka thonje koika m'chovala cham'kati. Koyamba anasoka kakakulu kwambiri. Ndinati, "Mayi, mukufuna ndizipendekera kumanzere?" Iwo akuti, "Ndimati ndikuwonjezere, poti Mulungu anakumana." Tinaseka mpaka bala linandikoka.

Kalata yanu inandipweteka. Mwati bambo a Kambalame akukufunsani chimene maso anu afiirira, ndipo mwawanamiza kawiri kuti ndi utsi. Mwati simupita ku mgonero wa Ambuye ndi bodza langa m'kamwa, ndipo mwezi uno ukatha ndisananene, munena ndinu. Ndinakwiya masiku awiri, ndisakubisireni. Ndinati mayi wanji wopereka mwana wake. Tsiku lachitatu ndinaona kuti katundu amene ndinamukana ine ndamusenzetsa munthu wa bondo lodwala.

Adokotala ndawayankha kuti ayi, kathumba kena sindikukafuna. Sindikunyoza amene ali nako. M'wodi muja munali mayi wina amene wakhala nako zaka zisanu ndi zitatu popanda vuto, ndipo akusangalala. Iye anakaika kuti azimva bwino yekha. Ine ndinakaika kuti munthu wina asadziwe.

M'katoni muno, pansi pa juzi ya Kambalame, muli envulopu yomata. Ndi ya bambo ake. Ndinalemba kanayi, atatu ndinang'amba. Ndanena zonse, kuyambira kambulu kaja mpaka kathaulo. Ndawauzanso kuti ngati aona kuti sangathe, anene ndidakali kuno, ndisadzabwere ndi sutikesi kudzamvera pakhomo.

Muwapatse m'manja, mwana atapita kusukulu. Mukatero mupite kwa aneba mukakhaleko pang'ono. Nkhope yawo musandifotokozere, ngakhale nditakufunsani.

Mwana wanu.

28 Juni

Amayi anga,

Moni wa mtendere. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Bala lapola, latsala kuyabwa.

Masiku khumi ndi limodzi aja odikira yankho la envulopu ija ndi inu nokha mukudziwa mmene ndinawakhalira, poti ndinkakuimbirani ngati wamisala. Munasunga pangano, nkhope ya bambo a Kambalame simunandiuze. Munangoti akulawirira kushedi, akupala matabwa mpaka dzuwa kulowa, chakudya akubweza theka. Ine kuno ndinkapinda thaulo limodzi katatu. Foni ikalira ya munthu wina, mtima wanga unkagwa.

Lachiwiri masana ndili kuseri kwa makina oumitsira ndikudya, inalira yanga. Ndinatuluka panja pamene timayanika zopondera.

Anali bambo a Kambalame. Sanapereke moni.

"Miyezi khumi ndi umodzi," anatero. "Unakagona pa mpeni wekhawekha, ine kuno ndikukhoma mipando ndikuimba mluzu. Unandiyesa ndani, mayi a Kambalame?"

Ndisanatsegule pakamwa anapitiriza.

"Ukanafera pa tebulo lija, akanandiimbira ndani? Ndikanamuuza chiyani mwanayu?"

Ndinati, "Ndinkaopa."

"Unkaopa ine."

"Eya."

Ndinkamva wina akucheka thabwa chapatali. Kenako anati, "Usadzinamize kuti ndakukhululukira. Za bodzazi tidzakamba uli pano, ndikukuona m'maso, ndipo sizidzatha tsiku limodzi."

Ndinati ndamva.

"Ndi mbali iti?"

"Yamanzere."

"Pakupwetekabe?"

"Pakagundidwa."

"Hmm. Ndiye ukabwera tisinthana malo, ine ndizigona kumanja kwako. Ukudziwa mmene ndimaponyera mkono ndikagona."

Anadula foni asanatsanzike, mwina mayunitsi, mwina ayi. Ine ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, yunifolomu yoyera, mpaka a Wailesi anabwera kudzandidzutsa akuti ndikudetsa katundu wa kampani.

Mundikhululukire pokulemberani za kuchipinda, si zoti mwana n'kuuza mayi ake. Koma mwasenza nane zoipa zonse, ndiye ndati izinso mumve. Sindikudziwa mmene zidzakhalire akadzaona ndi maso. Mawu a pafoni ndi ena, kuona ndi kwina, ndipo mkwiyo wawo ndi woona. Mupitirize kupemphera.

Tchuthi andipatsa cha milungu itatu, ndinyamuka pa 4 Ogasiti. Kodikirira basi musabwere ndi bondo lanulo. Bambo a Kambalame abwere okha.

Ndine mwana wanu.